Mphwayi za aHedi Kamphinda

1972–1988: Bowe ndi Dzoole

Za ubwana wanga sindilemba, ana anga, poti azakhali anu amazidziwa kuposa ine ndipo amakonda kuzikamba. Ndiyambira pa ntchito. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1972, ananditumiza ku sukulu ina yaing'ono cha ku Bowe, m'boma la Dowa. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, mphasa ndi mapoto awiri. Nyumba yomwe anandipatsa inali yadenga la udzu, yodontha pakona pomwe panayenera kukhala bedi. Mphunzitsi wamkulu wa pamenepo anali munthu wa ukali wosafuna chifukwa. Ankayeza kutalika kwa diresi yanga ndi maso m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina anandibweza kunyumba ana akuona chifukwa bondo linaonekera pamene ndinkapukuta bolodi. Ndinakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinaphunzira kwa iye kusunga kaundula mwaukhondo ndi kutseka pakamwa, zinthu ziwiri zomwe masiku amenewo zinkasunga munthu pa ntchito.

Kuchoka apo ndinapita cha ku Dzoole, komwe ndinakumana ndi bambo anu ndipo nonse atatu munabadwira kumeneko. Za zaka zimenezo mukudziwa zambiri. Bambo anu atatisiya mu 1987, ndinaona kuti sindingapitirize kudutsa pa manda awo tsiku ndi tsiku popita kukaphunzitsa. Ndinapempha kusamutsidwa. Yankho linatenga chaka ndi miyezi, ndipo litabwera linati ndipite ku Ntchisi, kukakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kumapiri. Dzina la sukuluyo ndalisiya dala, chifukwa ena mwa anthu a m'nkhaniyi akadali moyo.

1989–1993: Kumapiri

Sukuluyo inali pamtunda, pomwe nkhungu inkakhala mpaka dzuwa litakwera. M'mwezi wa Juni ana ankabwera manja ali m'khwapa, osatha kugwira pensulo mpaka belu lachiwiri. Belu lake linali limu ya galimoto yomangirira pa mtengo wa msuku. Msewu wa galimoto unkathera kumunsi, pa mtunda wa ola limodzi wapansi.

Mphunzitsi wamkulu anali a Yelemiya Kamphinda, a kwa Dzoole komwe ndinachokerako, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu. Tonse tinkangoti aHedi. Pa mabwana onse omwe ndagwira nawo ntchito, sindinaonepo wina wosakhazikika ngati iwo. Ankafika pa sukulu kusanayere bwino, nazungulira makalasi onse, zimbudzi ndi dimba. Fungo la chimbudzi chosatsukidwa ankalimva ali pakhomo pa ofesi. Anadzala okha mzere wa bulugamu kuzungulira bwalo la mpira, ankaphunzitsa masamu a Sitandade 8, ndipo Lachitatu masana ankatsogolera kwaya ku tchalitchi. Zolemba zawo zinali zazikulu, zozungulira bwino, moti makolo ankabwera kudzawapempha kuti awalembere makalata. Akakwiya nkhope yonse inkagwira ntchito, akaseka ankamveka mpaka kumunda kwa kachewere kuseri kwa sukulu.

Tsiku loyamba anandiuza kuti, “Madamu, pano ana athu alibe amalume ku tauni. Khomo lawo ndi limodzi, mayeso a Sitandade 8. Ine ndi inu ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti khomolo lisatsekeke.”

Akazi awo, aNaphiri, anakhala mnzanga. Nyumba zathu zinali zoyang'anana, ndipo ndi iwo ankakuyang'anirani ndikapita ku boma. Mu 1991 mwana wawo woyamba anafa pa ngozi ya basi. AHedi anagwa mtima kwa miyezi yambiri. Ankalira mu ofesi chitseko atatseka, anaonda, chakudya chinkawakanika. Koma chaka chisanathe anadzukanso, ndipo tonse tinati zapita.

1994: Sukulu yaulere

Chaka chimenecho dziko linasintha boma, ndipo boma latsopano linalengeza kuti sukulu za pulayimale zikhala zaulere. Tsiku lotsegulira ndinatuluka m'nyumba ndi kupeza bwalo lonse lada ndi anthu. Kunabwera tiana tosafika msinkhu, kunabwera anyamata andevu kudzayamba Sitandade 1, kunabwera atsikana atabereka azing'ono awo kumsana. Makalasi tinali nawo asanu ndi limodzi. Ena tinawaika pansi pa bulugamu, ena m'tchalitchi. Choko chinatha mwezi woyamba, tinayamba kulembera chinangwa chouma. Mabolodi tinkadetsa ndi makala osinja. Buku limodzi ankawerenga ana khumi, ena akuliona chadodolido. Anatitumizira aphunzitsi anayi ongomaliza kumene sekondale, osadziwa ngakhale kuitana mayina.

Pa nthawi ngati imeneyo ndinkayembekeza kuti aHedi athamanga kuposa kale. M'malo mwake anakhala pansi. Ndinkalowa mu ofesi ndi kuwapeza pa mpando, manja pa tebulo, akuyang'ana khoma.

“AHedi, Sitandade 2 yadzaza, ana ena akukhala pa zenera. Tiigawe pawiri?”

“Chitani mmene mukuonera, Madamu.”

“Nanga za zimbudzi? Ziwiri zokha kwa ana onsewa. Tiitane komiti?”

“Mmene mukuonera.”

Mawu amenewo ndinawamva mwina kakhumi pa tsiku. Sankawanena mokwiya kapena monyoza. Mawuwo ankatuluka chapansipansi, mopanda kukwera kapena kutsika, moti nthawi zina ndinkachita kuwerama kuti ndimve. Ndinayamba kuona zina. Poyenda, dzanja lawo lamanja silinkagwedezeka ngati lamanzere, linkangolendewera. Nkhope inakhala ngati yosema. M'buku lolembamo zochitika za pa sukulu, mzere unkayamba ndi zilembo zawo zakale, koma pofika kumapeto zinkachepa ngati nyerere. Tsiku lina udzu unapsa kuseri kwa ofesi, utsi n'kulowa pa zenera, iwo osamva fungo mpaka atauona ndi maso. Zonsezi ndinaziona chimodzichimodzi, koma sindinaziphatikize. Ndinkati ndi ukalamba ndi kutopa.

Kwaya anaisiya osatsanzika. Akulu a mpingo anabwera kudzawachezera, anapemphera nawo, anawakumbutsa kuti mphwayi ndi tsoka. Iwo anavomera zonse, nawaperekeza ndi maso. Mwana wawo wotsiriza atasankhidwa kupita ku sekondale, aNaphiri analulutira mpaka mawu kusasa. Bambo ake anangoti, “Chabwino,” basi.

Anthu sasowa chonena. M'dera lathu ambiri anavotera chipani chakale, choncho ena ankati aHedi akunyanyala chifukwa boma lawo lagwa, ndipo ankawayamikira mobisa. Ena ankati anawalodza aphunzitsi ofuna mpando wawo, ndipo ponena zimenezi ankayang'ana nyumba yanga. Enanso ankanong'ona za matenda atsopano aja omwe ankatha anthu masiku amenewo, ngakhale thupi lawo silinkatsika.

Ndinafunsa aNaphiri tili kumpopi. “Kodi n'zija za maliro zabwereranso?”

“Ayi, Madamu, izi n'zina,” anatero. “Nthawi ija ankalira, ankandidzutsa kuti tikambe za mwanayo. Pano salira, sadandaula. Ndikawapatsa chakudya amadya. Ndikapanda kuwapatsa sapempha. Ndinayesa dala tsiku lina, anakhala mpaka madzulo. Ndikawafunsa chikuwawa n'chiyani amati palibe. Bola akanamandikalipira.”

Pamenepo ndi pomwe ndinayamba kuchita chinthu chomwe sindinauzepo aliyense wa inu. Makalata ochokera ku boma ankaunjikana. Malipoti a mwezi ankafuna dzanja la mphunzitsi wamkulu. Poyamba ndinkawalemba ndi kuwapititsira kuti asayine. Kenaka ndinaona kuti ngakhale kusayinako kunkatenga masiku, choncho ndinaphunzira kulemba dzina lawo mmene ankalembera kale, ndi zilembo zazikulu zija, ndi kudinda chidindo. Ndinkadziuza kuti ndikuwasungira ulemu mpaka atapeza bwino. Ku boma ankalandira mapepala aukhondo panthawi yake, ndipo palibe anadziwa kuti pa sukulu yathu aHedi sakuyendetsanso kanthu.

1995: Mafomu

Mafomu olembetsera ana mayeso a Sitandade 8 sanadzere m'manja mwanga. Anabwera ndi mphunzitsi wa sukulu yoyandikana ndi yathu tsiku lomwe ndinapita nanu ku chipatala, nawapereka kwa aHedi pamanja. Ine ndinkadikira, ndikumaganiza kuti achedwa monga zinthu zonse zinkachedwera chaka chimenecho. Kawiri ndinafunsa ngati kwabwera kalata, iwo anati, “Zilipo zina,” ine osafunsitsa. Ndinadzidzimuka Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, mnzanga wa sukulu ina atandifunsa kuti ife talembetsa ana angati. Tsiku lotsekera linali litadutsa ndi masabata atatu.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi osagogoda ndi kutsegula dirowa ya tebulo lawo iwo ali pomwepo. Envelopu inali pamwamba penipeni, yotsegulidwa.

“AHedi, awa ndi mafomu a mayeso.”

“Inde.”

“Munawaona?”

“Ndimawaona tsiku lililonse ndikatsegula dirowayo.”

“Nanga bwanji simunandipatse? Kungondiitana kokha?”

Chala chawo chachikulu cha kumanja chinkanjenjemera pa tebulo, ngati munthu akupukusa njere ya chimanga. Ndinali ndisanachionepo.

“Sindikudziwa, Madamu,” anatero. “Ndikudziwa kuti ndi ofunika. Ndimati ndidzuka, ndikupatsani. Koma palibe chimene chimandidzutsa.”

Tsiku lomwelo ndinadzaza mafomu onse, ana makumi atatu ndi mmodzi. M'mawa mwake ndinatsika phiri, ndinakwera matola mpaka ku boma. Bwana woyang'anira sukulu za dera lathu anali watsopano, wachinyamata, wobwera ndi kusintha kwa zinthu. Anandimvetsera mwaulemu, anaimba lamya kawiri ine ndili pomwepo, koma mayina anali atatumizidwa kale ndipo kaundula anali atatsekedwa. Ana athu sakanalemba chaka chimenecho.

Ndinawauza ndekha anawo, m'kalasi mwawo. Sanalire. Mtsikana wina dzina lake Agnesi, yemwe ankakhoza masamu kuposa onse, anaimika dzanja nafunsa ngati abwerebe mawa. Ndinati abwere, adzalemba chaka chamawa. Pa ana makumi atatu ndi mmodzi aja, omwe anabwerera chaka chotsatira anali khumi ndi asanu ndi anayi. Anyamata ena anapita ku maesiteti a fodya. Agnesi anakwatiwa mvula isanagwe.

Makolo anabwera pa sukulu ali gulu. Omwe ankayamikira aHedi kuti akunyanyalira boma ndi omwe anali patsogolo kufuna kuti achoke. Bambo wina anawaloza chala pamphuno, nawatchula mayina oipa. AHedi anaima pakhonde akuwayang'ana, nkhope osasintha, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa anthu koposa. “Taonani, sakumva n'chisoni chomwe!” anakuwa mayi wina. Ndinawalowetsa aHedi mu ofesi ndi kutseka chitseko.

1995: Lipoti

Patapita sabata bwana uja anakwera phiri pa njinga yamoto. Anacheza ndi aHedi mphindi zochepa, kenaka anandiitanira pansi pa mtengo.

“Mayi, nkhaniyi yafika pamwamba,” anatero. “Tikudziwa kuti kuno kuli akuluakulu ena omwe sakufuna kuti sukulu yaulere iyende. Bambowa mapepala awo onse akhala akubwera bwinobwino, osachedwa. Ndiye munthu wotere angaiwale mafomu a mayeso okha? Anachita dala. Inu mwakhala nawo pafupi. Lembani zomwe mwaona, kuti akukana ntchito. Sukulu ikufuna mutu, ndipo sitikayang'ana kutali.”

Ndinamva bwino lomwe zomwe ankatanthauza. Munthu wochotsedwa chifukwa chokana ntchito ankapita chimanjamanja, zaka zonse zomwe wagwira n'kupita pachabe. Ndipo mpando ukanakhala wanga. Sindinama, ndinkaufuna. Ndinali nditagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikulera ana atatu ndekha, ndipo kwa chaka chathunthu sukuluyo ndinkaiyendetsa ndine.

Madzulo ake aNaphiri anabwera kwathu. Anakana mpando, anakhala pansi pakhomo.

“Madamu, akuti mulemba kalata.”

“Andiuza kuti ndilembe.”

“Musalembe kanthu. Nenani kuti mafomu anasochera pa njira. Kwangotsala zaka zochepa kuti apume. Mwawasunga chaka chonse, asungeniko pang'ono.”

“Ndawasunga, mayi, ndipo ana makumi atatu ali kunyumba chifukwa cha kusungako.”

“Ndiye muwapereke?”

Ananyamuka osatsanzika.

Njira zinali zitatu. Kulemba zomwe bwana ankafuna, kunama monga aNaphiri ankapempha, kapena kulemba zomwe zinachitika. Yachitatuyi inali ndi vuto lake. Umboni wonse wa bwana unali woti mapepala ankabwera bwino. Kuti ndionetse kuti aHedi akhala osagwira ntchito kwa chaka, osati pa mafomu okha, ndinayenera kuulula kuti dzanja la pa mapepalawo linali langa. Kusayina dzina la munthu wina pa mapepala a boma ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Ndinaganiza za inu masiku atatu.

Ndinalemba masamba anayi. Ndinati a Kamphinda sangathenso kuyendetsa sukulu ndipo achotsedwe pa mpando msanga. Ndinati sindinawamvepo akunena kanthu za ndale, zabwino kapena zoipa. Ndinafotokoza za dzanja, za mawu, za nkhope ndi za kuchepa kwa zilembo, ndipo ndinang'amba tsamba limodzi la zolemba zawo za 1990 ndi lina la chaka chimenecho n'kuwamata pamodzi. Ndinati ndikukhulupirira kuti akudwala, ngakhale sindikudziwa matenda ake, ndipo ndinapempha kuti asaweruzidwe dokotala asanawaone. Pomaliza ndinalemba kuti malipoti onse kuyambira mwezi wa Okutobala ndinasayina ndine.

Ndisanatumize ndinawawerengera aHedi mawu onse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Mwalemba zoona,” anatero.

“Pali chomwe mukufuna ndichotse?”

“Mmene mukuonera, Madamu.”

Bwana atawerenga anandiyang'ana nthawi yaitali. “Mayi, mukudziwa chomwe mwadzichita?” Ndinati ndikudziwa. Kunena chilungamo, sanali munthu woipa. Anavomera kudikira kalata ya dokotala.

1995: Ku chipatala

ANaphiri sankandilankhula, koma tsiku la ulendo anandilola kupita nawo, poti pankafunika anthu awiri kuwatsitsa aHedi phiri. Tinapita ku chipatala cha mishoni, tsiku lomwe kunkabwera dokotala wina wachikulire wochokera ku Lilongwe. Anawayendetsa m'khonde uku akuwayang'ana kumbuyo. Anawapinda mkono ndi kuuwongola kangapo. Anawauza kuti agundanitse zala mofulumira, kuti alembe chiganizo, kuti atchule mayina a nyama ambiri mmene angathere. Munthu amene anaphunzitsa zaka makumi atatu anatchula zisanu ndi ziwiri n'kuima.

“Bambo, mumamva chisoni?” anafunsa dokotala.

“Ayi.”

“Mumaganiza kuti ndinu munthu wolephera, kapena kuti bola kufa?”

“Ayi.”

“Pali chomwe mumalakalaka mutachita mawa?”

Anaganiza. “Palibe.”

Dokotala anatiuza kuti ndi matenda otchedwa Pakinsoni, ndipo anali akadali koyambirira. Anati muubongo muli timadzi tina tomwe timathandiza munthu kuyamba kusuntha, ndipo tikayamba kuchepa thupi limauma ndi kuchedwa. Anthu amadziwa za kunjenjemera kokha, koma mwa odwala ena timadzi tomweto tikachepa, chimene chimazima msanga ndi kufuna. Munthu amadziwa choyenera kuchita, mphamvu ali nazo, koma chomukankha kuti ayambe palibe.

“Ndiye si ulesi?” anafunsa aNaphiri.

“Waulesi amathawa ntchito kuti akachite chomwe amakonda. Bambowa akuthawira kuti? Si kukhumudwanso, ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi kawirikawiri. Wokhumudwa zimamupweteka. Awa sizikuwapweteka, zikupweteka inu.”

Ndinafunsa chifukwa chake zinagwera iwo. Anati palibe angayankhe motsimikiza, ndipo si onse odwala matendawa amene amagwa mphwayi zotere. Koma zimaonekera kwambiri mwa amuna, mwa amene matendawa awapeza atakula, mwa amene mutu wayamba kuchedwa kukonza zinthu motsatana, ndi mwa amene anadwalapo kukhumudwa kwakukulu. Apo aNaphiri anafotokoza za maliro a mwana wawo. Dokotala anagwedeza mutu nalemba. Anawonjeza kuti ntchito ikachuluka mwadzidzidzi, yofuna kuganiza zinthu khumi nthawi imodzi, siyambitsa matendawa, koma imaulula zomwe zinkabisika.

Anatichenjeza kuti mankhwala alipo ofewetsa thupi, koma sapezeka kawirikawiri kunja kwa Lilongwe, ndipo mphwayizo mwina sadzazichotsa. “Musamawafunse ngati akufuna,” anauza aNaphiri. “Adzati ayi, kapena adzati mmene mukuonera. Muziwayambitsa. Ikani chinthu m'manja mwawo, yambani inu, adzatsatira.”

Pobwerera, pa matola, aNaphiri anandipatsa chinangwa chophika chomwe anatenga m'thumba. Za kalata ija sitinakambenso mpaka lero.

1996–1998: Zotsatira zake

A Kamphinda anapumitsidwa ntchito chifukwa cha matenda, ndi penshoni yawo yonse, ndipo anabwerera kwawo kwa Dzoole. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo yomwe inakhala m'failo yanga mpaka tsiku lopuma. Sanandichotse, mwina chifukwa aphunzitsi ophunzitsidwa anali osowa. Mpando unapatsidwa kwa bambo wina wochokera ku Dowa, wocheperapo kwa ine ndi zaka khumi, ndipo ndinakhala wachiwiri wake. Munkandifunsa chifukwa chake sindinakhalepo mphunzitsi wamkulu. Chifukwa chake n'chimenecho.

Pa lipoti lija sindinadandaulepo. Chomwe ndimadziwerengera mlandu ndi chaka chija ndinkasayina. Ndikanalola mapepala kuchedwa mwezi woyamba womwe, wina akanakwera phiri kudzafunsa, ndipo mafomu akanapeza munthu wina pa mpando. Ndinkayesa ndikuchita chifundo. Agnesi ndinakumana naye kamodzi pa msika, ali ndi mwana kumsana, akugulitsa kachewere. Anandipatsa moni mwaulemu, anandiwonjezera mulu umodzi. Sanatchule za sukulu, inenso sindinatchule.

Mu 1998, nthawi yokolola, ndinapita kwa Dzoole kukaona manda a bambo anu, ndipo ndinadzera kwa a Kamphinda. Ndinawapeza pakhonde ndi lichero pamiyendo, akuswa mtedza pamodzi ndi akazi awo. Mankhwala ankawapeza mwezi wina, mwezi wina ayi. Akamwa, ankayenda bwinoko. ANaphiri anali atapanga ndondomeko yawo: m'mawa kuwapatsa tsache, kenaka khasu la kudimba, masana mtedza kapena chimanga chotong'ola. Akawayambitsa ankagwira mpaka ntchito itatha. Akaiwala kuwayambitsa ankakhala pomwe awasiya.

Anandizindikira, anafunsa za inu mmodzimmodzi ndi mayina anu. ANaphiri atalowa m'nyumba kukatenga madzi, aHedi anasiya kuswa mtedza.

“Madamu, ana aja analemba?”

“Ena analemba. Asanu anasankhidwa.”

“Enawo?”

“Enawo sanabwerere.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndikudziwa kuti ndiyenera kumva chisoni,” anatero. “Ndimachifunafuna. Ndimadziwa pamene chinkakhala.”

Nthawi yonyamuka itakwana, aNaphiri anawachotsera lichero, anawagwira pa chigongono nawaimiritsa. “Aperekezeni aMadamu mpaka pa msewu,” anatero. Tinayenda awiri, iwo ndi timasitepe tawo tating'ono. Pa msewu galimoto sinachedwe. Ndinawagwira dzanja, ndinakwera kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Galimoto itanyamuka ndinacheuka. Anali chiimire pomwe ndinawasiya, akuyang'ana msewu, ndipo kumbuyo kwawo ndinaona aNaphiri akubwera m'kanjira kudzawatembenuza kuti abwerere kunyumba.

A Kamphinda anamwalira patapita zaka zinayi. Uthenga unandipeza mochedwa, maliro ataikidwa kale.